Pepala Lako Usabwereketse, Rozina

Rozina mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa khola la mbuzi, ndathawa alendo. Nyumba yadzaza ndi anthu obwera kudzatsanzikana nawe, aliyense akufuna kugwira dzanja la dokotala, ena mpaka akukuonetsa zotupa zawo pakhonde pomwepo. Ndikati ndiyankhule nawe pakamwa ndikudziwa momwe zithere. Udzaseka, udzati, “Mama, ndikudziwa,” ine n’kupsa mtima, n’kuiwala zimene ndimafuna kunena. Ndiye ndalemba. Ukawerenge mangwana, mawa ukamapita, m’basi, ukawoloka Shire n’kuyamba kukwera mtunda wa Thabwa, pamene sungathenso kundiyankha.

Wamaliza sukulu yako yaitali ija. Unaphunzira udokotala, sunakhutire, unabwereranso kukaphunzira za anthu obwera mwadzidzidzi: ogundidwa pamsewu, olumidwa ndi njoka, okomoka m’munda. Boma lakupatsa malo pachipatala chachikulu ku Blantyre. Wandiuzanso kuti chipatala china cholipira chikukufuna masiku ena pa sabata. Zonsezi ndakondwa nazo, ndipo Mulungu ndamuuza kale takhuta, zikomo wathu wa Chisena. Koma dzulo amalume ako a Dominiko anandikokera pambali. Akufuna kutsegula kiliniki m’nyumba yawo ya malata ija pa Ngabu. Anati, “Mlongo wanga, mwanayu sadzavutika n’kubwera kuno. Tingopachika pepala lake pakhoma, ntchito azigwira ena.” Ndinawayankha kuti nkhabe, sizitheka. Anaseka, anati nkhaniyo akakamba ndi mwini wake. Adzakuimbira foni, Rozina, ndipo iwe ndimakudziwa, sutha kukana munthu amene anakugulirapo yunifolomu. N’chifukwa chake ndikufuna umve nkhani ya mwendo wa bambo ako mwadongosolo. Iwe unali wamng’ono. Umangodziwa kuti ndi ng’ona. Ng’onayo inangoyamba chabe.

Nthawi imeneyo bambo ako, a Zuze, ankayendetsa thirakitala pakampani ina yonyamula nzimbe, ine ndinkagula mlamba ndi mphende kwa asodzi a ku Elephant Marsh, kuwamba, n’kukagulitsa pamsika wa Ngabu. Loweruka lina m’mawa anandiperekeza kudooko kuti akandithandize kunyamula madengu. Madzi anali ataphwa pang’ono, matope ali thoo. Bambo ako analowa m’madzi ofika m’mawondo kuti akoke mwadiya, bwato la msodzi wina, ufike kumtunda. Ndinangomva madzi akuti phuu, kenako mawu awo akuitana dzina langa. Ng’ona inawagwira mwendo wamanzere m’munsi mwa bondo. Iwo anakumbatira mwadiya osausiya. Asodzi analumphira m’madzi ndi nkhafi, kuimenya m’maso, kuimenya pamphuno, mpaka inasiya. Titawakokera kumtunda, mwendo unali wong’ambika, wodzaza matope ndi udzu, koma unalipo. Zala zinkagwedera. Izi uzigwire bwino, mwana wanga: tsiku limenelo zala za bambo ako zinkagwedera.

Tinawamanga ndi chitenje changa n’kuwakweza pangolo. Pamalo ena ochitira malonda tisanafike kumsewu waukulu panali bambo wina amene aliyense ankamutcha kuti adokotala. Anali ndi chipinda chopaka laimu, benchi panja, gauni loyera, ndi kachipangizo komvera pamtima kali lende pakhosi. Pakhoma panali pepala m’galasi, lokhala ndi chidindo chofiira. Mwini ngolo anati, “Mayi, ng’ombe zatopa ndipo magazi akutha. Tiime pompano.” Tinaima. Bamboyo anatilandira bwino kwambiri, anandipatsa mpando, anandipatsa madzi akumwa. Ndinamufunsa kuti, “Kodi si bwino tipitirire kuchipatala cha boma?” Iye anati, “Kubomako mukangotha tsiku pamzere. Mabala ngati awa ndasoka ambiri, musadandaule.” Anapukuta pamwamba ndi thonje, anabaya jakisoni, n’kusoka bala lonse mokongola ngati telala. Ine ndinayang’ana pepala lija pakhoma mtima n’kukhala pansi. Kuwerenga ndimatha, Rozina, ndinafika sitandade eyiti. Koma ndinayang’ana chidindo, sindinawerenge dzina. Sindinafunse kuti, bambo, dzina lanu ndani, munaphunzira kuti, amakudziwani ndi ndani? Ndinkaona ngati kufunsa munthu wovala zoyera n’chipongwe.

Ndiye mawu anga oyamba ndi awa. Anthu akakufunsa kuti ndiwe yani, usakwiye. Ndiwe mkazi, ndiwe wamng’ono thupi, nkhope yako ndi ya mwana wa sekondale. Adzakutcha anesi. Madoda ena adzakuuza kuti, “Kaitaneni adokotala enieni.” Usatupe. Aonetse khadi la dzina lako la pachifuwa lija, uwauze dzina lako lonse, uwauze kuti unalembedwa ku bungwe loyang’anira madokotala ndipo wofuna akhoza kukafunsa. Munthu wofunsayo akuchita chinthu chimene mayi ako analephera kuchita. Mulemekeze. Ndipo layisensi yako isamathe mphamvu iwe uli phee. Ukuti amaikonzanso chaka ndi chaka, ndiye uzikonza nthawi isanakwane, ngakhale utatopa bwanji. Ndimakudziwa pa nkhani ya mapepala, chiphaso chako cha unzika tinachipeza m’thumba la mapira.

Tinabwerera kunyumba tikuthokoza. Koma pasanapite masiku ambiri mwendo unatupa ngati mtsuko, khungu likunyezimira, ulusi ukulowa m’mnofu. Kenako kunabwera fungo. Iwe ukulidziwa fungo limenelo kuchokera kuntchito, ine ndinali ndisanalimvepo pa munthu wamoyo. Thupi linatentha, bambo ako anayamba kuyankhula Chisena chokhachokha, kucheza ndi mayi awo amene anamwalira kalekale ku Mozambiki. Ndinathamangira kwa bambo uja, ndinapeza chitseko chili ndi loko. Oyandikana naye anati wapita kumaliro, sanena tsiku lobwera.

Apa ndi pamene ndinakumbukira khadi. Kampani ya bambo ako inkawadula malipiro mwezi uliwonse n’kuwapatsa khadi la inshulansi ya chipatala. Khadilo ndinkalisunga m’Baibulo, ndinkalinyadira, ndinkauza anzanga kumsika kuti ife tikadwala sitikhala pamzere. Koma chilandirireni sitinafunsepo kuti limagwira ntchito kuzipatala ziti. Tinkangoti khadi ndi khadi. Ndinapeza galimoto ya matola, tinawagoneka kumbuyo pamphasa, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati ng’anjo, ndipo ndinauza dalaivala kuti atipititse kuchipatala china cholipira chimene ndinkachiona ndikamadutsa pabasi, cha maluwa pakhomo. Ndinkati pamenepo ndiye pa anthu a makhadi.

Pawindo panali mtsikana waulemu. Anatenga khadi, analitembenuza, anayang’ana pakompyuta. Anati, “Mayi, pepani, khadi la kampani iyi kuno sitilandira.” Ndinati, “Mwana wanga, tuluka ukaone munthu ali m’galimotoyo.” Anatuluka ndithu, anasuzumira, anagwira pakamwa. Anathamangira mkati kukafunsa. Ndinaima pamenepo ndikuyang’ana chitseko choyera chimene analowa. Atabwerako sanandiyang’ane m’maso. Anati, “Akuti popanda khadi lathu pafunika ndalama ya chikole kaye. Ngati palibe, pitani kuboma.” Ndinafunsa kuti, “Akutero ndani?” Anati, “Adokotala.” Ndinati, “Awaona bambowa?” Anapukusa mutu. Mtsikanayo sindimusungira kanthu kukhosi, anachita zimene akanatha. Koma munthu amene anali ndi mphamvu yonena kuti mulowetseni, timuike diripi, tiitane ambulansi, anali kuseri kwa chitseko ndipo sanatuluke. Nkhope yake sindikuidziwa mpaka lero.

Rozina, iwe udzakhala kuseri kwa chitseko chimenecho. Sindikuti ukane ntchito kuchipatala cholipira chija. Wavutika zaka zambiri, ukuyenera kudya bwino, ndipo zipatala zolipira zimathandiza anthu ambiri. Koma usanasaine chilichonse, ukakhale pansi ndi akuluakulu ake uwafunse maso ndi maso kuti, “Munthu akafika pakhomo pano akutha magazi, alibe khadi, kapena khadi lake si lanu, mumatani naye?” Akakuyankha kuti timayamba tamuthandiza kuti asafe, kenako timutumiza koyenera, saina. Akayamba kuzungulira, kukuuza za malamulo a kampani, tenga chikwama chako uzipita. Dzina lako lisakhale pachikwangwani cha nyumba yobweza munthu akufa. Ndipo kulikonse kumene udzagwire, wapawindo akabwera kudzakuuza kuti panja pali wodwala wa khadi lolakwika, dzuka. Tuluka. Kamuone ndi maso ako. Za khadi mudzakamba munthuyo akupuma bwino.

Tinafika kuchipatala cha boma dzuwa litapendeka. Anthu anali ambiri, ena atagona m’khonde. Ndinayamba kufotokoza za khadi, nesi anandidula, anati, “Mayi, sungani khadi lanulo, bweretsani munthu.” Panabwera mayi wina wamfupi, wovala nsapato zakutha, Chichewa chake cha kumpoto. Anali a dokotala Msiska. Fungo analimva asanavundukule nsalu. Anayang’ana bala, anandiyang’ana ine, anafunsa kuti, “Wasoka apa ndani?” Ndinafotokoza. Sanandikalipire. Anatenga sizasi n’kuyamba kudula ulusi uja umodziumodzi, ndipo zimene zinatuluka m’menemo sindilemba. Anati, “Bala la ng’ona sitisoka chonchi, mayi. M’kamwa mwa ng’ona ndi mwauve. Timalitsuka, timalisiya lotsegula. Munthuyu anatsekera matope mkati.” Kenako anandiuza chinthu chimene chinandidabwitsa. Anati, “Apa pandipitirira. Ndiwaika diripi ndi mankhwala, koma opaleshoni yake ikufunika ku Blantyre, kwa anthu a mafupa.” Dokotala weniweni ananena kuti pandipitirira, pamene wabodza uja anati ndasoka ambiri.

Anatulutsa foni pamaso panga pomwepo. Ndinamva akunena kuti, “Ndine Msiska wa kuchigwa. Ndikukutumizira bambo wolumidwa ndi ng’ona, mwendo wawola, magazi achepa. Konzekera.” Basi. Wa mbali inayo sanafunse zambiri, ankadziwana, ankakhulupirirana. Ambulansi inakwera Thabwa ine nditagwira botolo la diripi m’mwamba chifukwa chokolekera chinali chothyoka. Titafika tinapeza anthu akutidikira pakhomo ndi bedi la matayala, dzina la bambo ako akulidziwa kale. Tikanafika tokha, ine ndi chitenje changa cha magazi, sindikudziwa kuti tikanayambira khomo liti.

Tsono mvera, mwana wanga. Kuyambira sabata yamawa iwe ndi amene udzakhale mbali inayo ya foni. Adzakuimbira anzako a m’zipatala za kumaboma, a ku Nsanje, a ku Chikwawa, a kuzipatala zazing’ono za ku Chapananga kumene ambulansi imafika itatha matayala. Foni imeneyo uziyankha. Usamawayankhe ngati ukuyankha mwana wa sukulu chifukwa iwe uli pachipatala chachikulu. Uwadziwe mayina. Ukabwera kutchuthi uzikawaona, ukaone zimene ali nazo ndi zimene alibe, kuti akakuuza kuti kuno magazi atha usamaganize kuti ndi ulesi. Wandiwerengera mayina a zipatala zimene zakulola kugwirako ntchito, ndipo ndi mayina okoma kumva. Koma kwa ine kulumikizana kwa dokotala ndi zipatala ndi foni ija ya a Msiska: munthu mmodzi kunena mawu ochepa, khomo n’kutseguka kutali. Ndipo nawenso pakakupitirira, nena. Itana wodziwa. Palibe amene adzakulande udokotala chifukwa chonena kuti apa sindingathe.

Mwendo anaudula m’munsi mwa bondo. Madokotala anati tikanachedwa pang’ono tikanataya munthu yense. Bambo ako atatsitsimuka anavundukula bulangeti, anayang’ana nthawi yaitali. Anati, “Mai a Rozina, nsapato zanga zakumanzere mupatsa ndani?” Ndinaseka ndikulira. Thirakitala sanakwerenso. Anaphunzira kusoka maukonde ndi kukonza njinga za akabaza, ine ndinawonjezera madengu a nsomba, ndipo ndi mmene unaphunzirira iwe.

A Msiska sanaisiye nkhani ija. Anakanena ku bungwe loyang’anira madokotala, ndipo patapita miyezi ndinaitanidwa kukafotokoza. Kumeneko ndi kumene ndinamva za pepala lija la pakhoma. Silinali labodza ayi. Linali lenileni, chidindo chenicheni, sukulu yeniyeni. Koma mwini wake anali munthu wina, wachipatala wophunzira bwino amene ankagwira ntchito m’tauni. Wosoka uja anali mlamu wake, amene kale ankangogulitsa mankhwala m’sitolo. Anapempha pepalalo kuti apezeko podyera, mwini wake anamva chisoni, anabwereketsa. Mwini pepalayo ndinakumana naye panja pa ofesi. Anali bambo wofatsa, wovala tayi, maso ofiira. Anandiyandikira n’kunena kuti, “Mayi, ndikhululukireni, koma amuna anuwo ine sindinawaonepo n’kamodzi komwe.” Ndinamuyankha kuti, “Mlandu wake ndi umenewo, bambo. Simunawaone, koma ine ndinawasiya m’manja mwanu.” Anamulanda layisensi. Wosoka uja anathawira kutsidya ku Mozambiki, sanapezekenso.

Ndiye amalume ako akaimba, ukumbukire bambo watayi uja. Sanali woipa mtima. Anangolephera kukana wachibale. A Dominiko nawonso si oipa, ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi, ndipo akuona ngati akuthandiza anthu a pa Ngabu. Adzakuuza kuti adzalemba ntchito munthu wodziwa. Adzakuuza kuti ndi za malungo zokha ndi zilonda zazing’ono. Adzakukumbutsa za yunifolomu ija. Uwayankhe mwaulemu, uwatche amalume, uwafunse za thonje lawo, koma pepala lako usabwereketse. Ngakhale fotokope. Ngakhale chithunzi cha pafoni. Pamene pali dzina lako pakhale manja ako ndi maso ako. Akafuna kiliniki apeze munthu wa mapepala ake amene adzakhale momwemo tsiku ndi tsiku, akalembetse kuboma, ndipo iwe ukhoza kuwathandiza kupeza munthu woteroyo. Akakwiya, uwauze kuti ndakuletsa ndine. Mkwiyo wawo ndiusenza, ndinayamba kuusenza tili ana.

Za khadi lija ndisakusiye ndi maganizo olakwika. Pambuyo pake linatithandiza. Kalaliki wina wa kukampani anatikhazika pansi n’kutiuza zipatala zimene zinkalilandira, ndipo china chinali pafupi ndi msewu womwewo umene tinadutsa tsiku lija. Mwendo woyamba wochita kupanga umene bambo ako anavala unachokera pa khadi lomwelo. Choncho inshulansi si mdani. Chimene chinatipweteka n’chakuti palibe anatiuza poyera, ndipo ife sitinafunse. Kumene ukagwire, uwakakamize alembe pakhomo makhadi amene amalandira, m’zilembo zazikulu, m’Chichewa chomveka, osati m’Chingerezi cha tizilembo ting’onoting’ono. Wodwala akamatuluka, ngati ali ndi khadi, umuuze kuti akafunse kuntchito kwake kumene limagwira, asadikire tsiku la ngozi. Zitenga kamphindi chabe. Ukatopa n’kuona ngati imeneyo si ntchito ya dokotala, uchitebe.

Udzatopa, zimenezo ndikudziwa. Ena adzafera m’manja mwako utachita zonse. Abale awo ena adzakutukwana. Tsiku lotero usakhale wekha m’nyumba, imba kuno, ngakhale ungolira pafoni osanena kanthu, ine ndidzamvetsera. Uzidya. Uzipemphera ngakhale mwachidule. Anthu a kwathu kuno akafika ali ndi mantha, osamva Chichewa cha m’tauni, uwayankhule Chisena, usachite nacho manyazi pamaso pa anzako. Munthu akamva chiyankhulo cha mayi ake amanena bwino pamene pakupweteka.

Latsala limodzi, ndipo ili ndakambirana ndi bambo ako, tagwirizana. Ife tikukalamba. Shuga wanga ukumudziwa, mtima wa bambo ako unaumvera wekha. Tsiku lina ambulansi idzakwera phiri lija ndi mmodzi wa ife, ndipo mwina udzakhala uli pantchito. Abale adzadzaza pakhomo, adzafuula kuti awa ndi mayi a dokotala, apatseni njira. Iwe udzatuluke, udzandiyang’ane monga umayang’anira wina aliyense. Ngati pambali panga pagona mwana wa munthu wosadziwika, wopanda khadi, wopanda womuyankhulira, ndipo iye ndi amene mpweya ukumuthera, uyambe ndi iyeyo. Usatembenuke kuti uone ngati ndakhumudwa. Ndidzadikira. Ndidzakhala ndikukuyang’ana ukugwira ntchito, ndipo amene adzagone pafupi nane ndidzamuuza kuti, mukumuona uyo, ndi mwana wanga.

Pita bwino, Rozina.

Ndine mayi ako,
Anaterezinya